Kumene magalimoto amagetsi akhala akumwera

M'chaka cha 1900 mafakitale a ku America anapanga magalimoto 4,192. Mwa amenewa 1,681 anali oyendera nthunzi, 1,575 anali amagetsi, ndipo a petulo anali 936 okha. Galimoto ya petulo ya masiku amenewo inali yosautsa: phokoso, utsi, ndipo kuti ilire munthu ankapukusa handulo kutsogolo kwake, handulo yoti ikabwerera mwamphamvu inkathyola mkono. Yamagetsi inkangonyamuka phee, n'chifukwa chake madokotala ndi amayi olemera a m'mizinda ankaikonda. Koma patangotha zaka 20 inali itayamba kusowa m'misewu. Ambiri amati chinaipha ndi batire lofooka, ndipo sakunama. Pali china chimene chimaiwalika, chomwe chikuzunguza mitu ya maboma ndi makampani mpaka lero: batire likatha munthu akalidzazire kuti, nanga ndani atulutse ndalama zomangira malowo magalimoto asanachuluke?

Oyamba kulimbana ndi funsoli anali amatakisi. Pedro Salom ndi Henry Morris a ku Philadelphia anapanga galimoto yamagetsi yotchedwa Electrobat mu 1894, ndipo mu 1897 kampani yawo inayamba kunyamula anthu mumzinda wa New York ndi matakisi pafupifupi 12. Takisi imapanga ndalama ikakhala pamsewu, moti kuiimika maola ambirimbiri podikira kuti batire lidzaze n'kuluza. Choncho kampaniyo, yomwe posakhalitsa inagulidwa n'kutchedwa Electric Vehicle Company, inasandutsa chinyumba china cha mumsewu wa Broadway kukhala depoti yosinthira mabatire. Takisi inkalowa, makina ankasolola batire lakutha lolemera makilogalamu oposa 500 n'kulowetsa lina lodzaza, ndipo m'mphindi zochepa dalaivala ankatuluka kukasaka okwera. Mabatire akutha aja ankatsala pamenepo akutchajidwa pang'onopang'ono pamaso pa amisiri odziwa kuwasamala. Ku New York njirayi inkayenda bwino ndithu. Chinaononga zinthu ndi phuma la eni ake atsopano, gulu la anthu achuma lotsogozedwa ndi William Whitney, amene anafuna kudzaza matakisi m'mizinda ingapo nthawi imodzi pomwe madepoti ndi amisiri anali osakwanira. Mabatire anayamba kufa chifukwa chosowa chisamaliro, ngongole zinakula, ndipo mu 1907 kampaniyo inagwa.

Nzeru yosinthana mabatire sinafere pomwepo. Kuyambira 1910 mpaka 1924 kampani yogulitsa magetsi ya Hartford Electric Light Company, m'chigawo cha Connecticut, inkalola amalonda kugula lole yamagetsi yopanda batire. Batire linali la kampaniyo. Mwini lole ankalipira pamwezi komanso molingana ndi mtunda umene wayenda, ndipo likatha ankangopita kukasinthitsa. Owerenga asunge nkhani ya Hartford imeneyi, chifukwa idzaonekeranso patatha zaka zoposa 100 pakati pa anyamata a njinga zamoto ku Africa kuno.

Petulo anapambana chifukwa amanyamulika. Mu 1888 Bertha Benz, mkazi wa Carl Benz, paulendo wake wochoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim ku Germany, anagula mafuta m'sitolo ya mankhwala m'tauni ya Wiesloch n'kupitiriza ulendo. Kunalibe malo omwetsera mafuta, koma wasitolo aliyense akanatha kusunga zitini zingapo. Ife amene timaona mafuta akugulitsidwa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu tikudziwa kuti malonda amenewa safuna boma kapena injiniya kuti ayambe. Magetsi sathiridwa m'chigubu. Amafuna malo opangira, mapolo, nthambo ndi thiransifoma, ndipo ku America komweko, ngakhale cha m'ma 1930, pa mafamu 10 alionse imodzi yokha ndi imene inali ndi magetsi. Zina zinangowonjezera: mafuta ochuluka anatulukira ku Spindletop m'chigawo cha Texas mu 1901, Henry Ford anatulutsa Model T yotchipa mu 1908, ndipo mu 1912 Cadillac inabwera ndi sitata ya Charles Kettering, handulo yothyola mikono ija n'kutha ntchito.

Kwa zaka zambiri pambuyo pake galimoto yamagetsi inatsala kumene inali ndi pogona podziwika. Ku Britain timagalimoto zikwizikwi togawa mkaka m'makomo mbandakucha tinali tamagetsi. Tinkayenda njira imodzimodzi tsiku lililonse, n'kubwerera kudepoti kukatchajidwa. Chimodzimodzinso makina onyamula katundu m'mafakitale. Palibe amene ankalemba za zimenezi m'manyuzipepala, koma ndiwo okha magalimoto amagetsi amene ankadzilipirira okha.

Nkhani inadzukanso ku California chifukwa cha utsi wa mumzinda wa Los Angeles. Mu 1990 bungwe loona za mpweya m'chigawocho linalamula kuti makampani akuluakulu ayambe kugulitsako magalimoto osatulutsa utsi. General Motors inatulutsa galimoto yamagetsi ya EV1 mu 1996, yomwe inkatchajidwa ndi kachipangizo kathyathyathya kolowetsa kutsogolo popanda zitsulo kukhudzana. Ford ndi Honda ankagwiritsa ntchito pulagi yamtundu wina. Magalimoto anali ochepa zedi, koma anali atagawikana kale m'magulu awiri osatha kubwerekana tchaja. Mu 2001 bungwe lija linasankha njira ya pulagi, matchaja a EV1 n'kusanduka zitsulo zopanda ntchito, ndipo patapita nthawi pang'ono General Motors inalanda magalimoto ake kwa amene ankawabwereka n'kuphwanya ambiri mwa iwo. Uku kunali kuyamba kwa mkangano wa mapulagi umene wadya ndalama zankhaninkhani. Japan inabwera ndi CHAdeMO mu 2010, chaka chomwe galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf inatuluka. Makampani a ku Ulaya ndi America anabwera ndi CCS. China inakhazikitsa yakeyake ya GB/T. Tesla nayo inapanga yake.

Ku Japan komweko akatswiri a kampani ya magetsi ya TEPCO anaona chinthu chimene chimafotokoza bwino ntchito ya tchaja ya m'mbali mwa msewu. Antchito awo amene anapatsidwa magalimoto amagetsi ankaopa kupita patali, ndipo ankabwerera kuofesi batire likadali ndi mphamvu yambiri. Kampaniyo itaika tchaja yothamanga chakutali, anthu omwewo anayamba kuyenda mitunda italiitali, chonsecho tchaja yatsopanoyo sankaigwiritsa ntchito kwenikweni. Inkangowalimbitsa mtima. Apa ndi pamene pagona vuto la malonda amenewa. Tchaja ya pamsewu iyenera kukhalapo kuti anthu agule galimoto, koma akagula amatchajira kunyumba usiku, kumene magetsi ndi otchipa. Womanga tchajayo amatsala ndi ngongole ndi makina ongokhala.

Shai Agassi wa ku Israel anaganiza kuti wapeza yankho. Kampani yake ya Better Place, imene anaiyambitsa mu 2007, inatolera madola pafupifupi 850 miliyoni n'kumanga malo osinthira mabatire ndi makina ku Israel ndi ku Denmark. Inali nzeru ya Hartford ija itavala suti. Koma malo aliwonse ankadya ndalama zochuluka, ndipo kampani imodzi yokha, Renault, ndi imene inavomera kupanga galimoto yolowa m'makina amenewo, Fluence Z.E. Makampani ena anakana kuti munthu wina aziwauza kapangidwe ka batire, chomwe ndi chinthu chodula kwambiri m'galimoto yonse. Magalimoto amene anagulidwa sanafike ngakhale 2,000, ndipo mu Meyi 2013 Better Place inatsekedwa. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Seputembala 2012, Tesla inali itatsegula malo ake oyamba 6 otchedwa Supercharger ku California. Tesla sinkafuna phindu pa magetsiwo, moti poyamba eni galimoto yake ya Model S ankatchaja mwaulere. Phindu linkachokera pa galimoto, matchaja anali ogulitsira galimotoyo. Njirayi inagwira kwambiri, moti mu 2023 Ford, kenako General Motors ndi ena, anagonja n'kuvomera pulagi ya Tesla ku North America.

Estonia, dziko laling'ono, inayesa njira ya boma. Inagulitsa kwa Mitsubishi Corporation gawo la chilolezo chake chotulutsa mpweya woononga chilengedwe, ndipo ndalamazo inamangira matchaja othamanga 165 amene anatsegulidwa mu 2013, n'kukhala dziko loyamba kukhala ndi matchaja otere m'dera lake lonse. Tsoka lake, anali a CHAdeMO. Chaka chotsatira European Union inasankha CCS, ndipo Estonia inayenera kuwononganso ndalama kusintha. Dziko losauka limene likufuna kugula matchaja lero liphunzirepo kanthu pamenepa.

Kumene zinthu zinayendadi ndi ku Norway, ndipo chiyambi chake n'choseketsa. Mu 1989 Morten Harket, woimba wa gulu la a-ha, pamodzi ndi Frederic Hauge wa bungwe la zachilengedwe la Bellona, anaitanitsa Fiat Panda yosinthidwa kukhala yamagetsi. Ankayenda nayo mu Oslo osalipira pa mageti a msonkho wa msewu, osalipiranso chindapusa. Boma likalanda galimotoyo n'kuigulitsa, iwo ankaipezanso n'kuyambiranso. Phokoso limeneli linathandiza. Mu 1990 magalimoto amagetsi anachotseredwa msonkho wolowera m'dziko, mu 1997 msonkho wa pa mageti, mu 2001 msonkho wa VAT, kenako analoledwa kuyenda m'mizere ya mabasi. M'dziko limene msonkho wa galimoto ndi wokwera koopsa, zimenezi zinachititsa kuti yamagetsi izipikisana mtengo ndi ya petulo. Mzinda wa Oslo unayamba kuika matchaja m'misewu mu 2008, ndipo kuyambira 2015 bungwe la boma la Enova linkathandiza ndi ndalama makampani omanga matchaja othamanga osachepera awiri pa makilomita 50 alionse m'misewu ikuluikulu. Mu 2024, pa magalimoto 100 alionse atsopano ogulidwa ku Norway, pafupifupi 89 anali amagetsi okhaokha.

Anthu amakonda kutchula Norway ngati chitsanzo choti aliyense atsatire, koma amadumpha zimene dzikolo linali nazo kale. Magetsi ake pafupifupi onse amachokera m'madamu, ndi ochuluka ndiponso otchipa. Nyumba zake zinamangidwa ndi mawaya olimba chifukwa amazitenthetsa ndi magetsi m'nyengo yozizira. Ambiri ali ndi poimika galimoto pakhomo, ndipo m'madera ozizira kwambiri munali kale masoketi panja otenthetsera injini. Koposa zonse, boma linatha kusiya misonkho yonseyo chifukwa limalemera ndi mafuta ndi gasi amene limagulitsa kunja. Matchaja ambiri a pamsewu anabwera pambuyo, magalimoto atachuluka kale m'makomo.

Ndalama zokha sizimanga matchaja. Mu Novembala 2021 America inavomereza madola 7.5 biliyoni a ntchito imeneyi, koma malo oyamba omangidwa ndi gawo lalikulu la ndalamazo anatsegulidwa mu Disembala 2023 ku Ohio. Zaka ziwiri zinathera m'mapepala, zilolezo ndi kudikira kuti makampani a magetsi alumikize. Tchaja imodzi ya makilowati 150 imakoka mphamvu yokwanira nyumba zambirimbiri, ndiye malo okhala ndi matchaja 8 amafuna thiransifoma yawoyawo, nthawi zina ndi nthambo zatsopano. European Union inasankha kulamula: lamulo lake la 2023 limafuna malo otchajira mothamanga pa makilomita 60 alionse m'misewu yake ikuluikulu.

China inayambira kwina, ndipo kwa mayiko osauka mbiri yake ndi imene ili ndi phunziro lalikulu. Mu 2009 boma linasankha mizinda yoyesera n'kuyamba ndi mabasi, matakisi ndi magalimoto a boma, amene njira zawo ndi pogona pawo n'zodziwika. Pofika kumapeto kwa 2017 mzinda wa Shenzhen unali utasintha mabasi ake onse, oposa 16,000, kukhala amagetsi, ndipo matakisi anatsatira. Depoti ya mabasi ili ndi kasitomala wotsimikizika usiku uliwonse, choncho ngongole yomangira imabwezeka. Popeza anthu ambiri m'mizinda ya ku China amakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda poimika galimoto pawokha, matchaja a aliyense anakhala ofunika kuposa ku Norway. Makampani monga State Grid, TELD ndi Star Charge anawamanga ochuluka, onse a pulagi imodzi yolamulidwa ndi boma. Pakutha kwa 2024 China inali ndi matchaja a aliyense oposa 3 miliyoni, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a matchaja otere padziko lonse.

Ku India ndi ku Bangladesh sanadikire pulani ya wina aliyense. Timagalimoto tamatayala atatu tonyamula anthu, tokhala ndi mabatire a mtovu otchipa, tinachuluka n'kupitirira miliyoni, ndipo timatchajidwa usiku m'magalaja ang'onoang'ono a anthu wamba. Ena mwa magalajawa amaba magetsi pa nthambo, ndipo moto umabuka. Boma linabwera mochedwa kudzayesa kuika dongosolo pa chinthu chimene chinali chitakula kale.

Kusinthana mabatire, kumene kunalephera pa galimoto, kunapeza kwawo pa njinga yamoto. Batire la njinga munthu amalinyamula ndi manja, ndiye sipafunika makina a mamiliyoni monga a Better Place. Kampani ya Gogoro inayamba zimenezi ku Taipei mu 2015. Ku Kigali kampani ya Ampersand inaika pamsewu njinga zake zoyamba 20 mu 2019, ikulunjika kwa onyamula anthu. Woyendetsa amagula njinga koma batire limakhala la kampani. Likatha amafika pamalo osinthira, amasiya lakutha, amalipira n'kutenga lodzaza, zonse m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Ndi Hartford yeniyeni, ndipo zifukwa zake n'zomwezo: woyendetsa sangakwanitse kugula batire, sangaime maola akudikira, ndipo amazungulira m'dera limodzi tsiku lonse, moti malo osinthira ochepa amakwanira anthu ambiri. Mu 2021 boma la Rwanda linachotsa misonkho pa magalimoto amagetsi ndi zipangizo zotchajira, linatsitsa mtengo wa magetsi a malo otchajira, n'kulonjeza malo a boma omangapo popanda lendi. Kuyambira Januwale 2025 mzinda wa Kigali unasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu. Makampani ena, monga Spiro ku Benin ndi Togo komanso Roam ku Kenya, alowanso pa msika wa njinga zamagetsi.

Kenya ili ndi mwayi wina. Magetsi ake ambiri amachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, m'madamu ndi ku mphepo ya ku Lake Turkana, ndipo usiku amatsala osagwiritsidwa ntchito. Mu 2022 kampani ya BasiGo inayamba kuyendetsa mabasi amagetsi mu Nairobi, eni mabasi akulipira molingana ndi makilomita amene ayenda, ndipo mu 2023 bungwe loona za mphamvu linaika mtengo wapadera wotchajira: mashilingi 16 pa yunitsi masana, 8 usiku. Basi yogona padepoti imamwa magetsi amene akanangotayika.

Ethiopia inachita zimene palibe dziko lina linayesapo. Kumayambiriro kwa 2024 inaletsa kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo. Chifukwa chachikulu chinali ndalama zakunja: dzikolo limawononga madola mabiliyoni angapo pachaka kugula mafuta, pomwe damu lake lalikulu la pa Blue Nile, lotha kupanga mamegawati oposa 5,000, limapereka magetsi otchipa. Koma lamulo linafika matchaja asanafike. Kunja kwa Addis Ababa malo otchajira ndi osowa, amakaniko odziwa magalimotowa ndi ochepa, ndipo pafupifupi theka la anthu alibe magetsi m'nyumba. Ku South Africa vuto ndi lina. Jaguar ndi GridCars anaika matchaja 82 mu 2018 olumikiza mizinda ikuluikulu, koma kenako kunabwera zaka za kuzimazima kwa magetsi a kampani ya Eskom, amenenso ambiri ndi ochokera ku malasha. N'chifukwa chake ena kumeneko ayamba kumanga malo otchajira odalira dzuwa ndi mabatire akuluakulu, osalumikizidwa ku Eskom.

Malawi ili pakati pa mavuto awiriwa, la ndalama zakunja ndi la kuzimazima kwa magetsi. Mafuta onse amachokera kunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, amagulidwa ndi madola amene ndi osowa, ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta tonse timaidziwa. Wakabaza amene wagona pamzere ali ndi chifukwa chomveka chofunira njinga yamagetsi kuposa munthu aliyense wa ku Oslo. Koma magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 mamegawati pafupifupi 130 anazima kwa nthawi yoposa chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a Kariba mpaka anthu kumakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi. Tchaja yothamanga pamsewu wa M1 singathandize pa tsiku lotere. Shelefu ya mabatire a njinga, yodzazidwa masana ndi dzuwa kapena usiku magetsi akabwera, ingathandize, chifukwa batire lodzaza limadikira kasitomala. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima, amene anayamba mu 2021, asonyeza kale kuti dzuwa lathu limagwira ntchito.

Amene akukonza mapulani a zimenezi kuno asayambire pa galimoto ya bwana yopita ku Mzuzu. Ayambire pa siteji ya akabaza ndi pa depoti ya minibasi, agwirizane msanga za mtundu umodzi wa pulagi ndi batire kuti woyendetsa asamangike kwa kampani imodzi, ndipo aike mtengo wotsika wa magetsi a usiku monga anachitira ku Kenya.